Za RAM ya DDR3L ndinafunsa ija

Mwezi watha ndinafunsa ngati kuchotsa RAM (memore imene kompyuta imasungiramo zomwe ikugwira pa nthawiyo) ya mtundu wa DDR3 n'kuikamo ya mtundu wa DDR3L kungathandize kuti batire la sola lizikhalitsa ndikamagwiritsa ntchito kompyuta usiku. Zikomo nonse amene munandiyankha. Ndayesa.

DDR3 imayenda pa voteji ya 1.5V, pomwe DDR3L imayenda pa 1.35V. Tikawerengera papepala, magetsi omwe imadya amatsika ndi pafupifupi 19 peresenti. Zikumveka zambiri, koma RAM imodzi imangodya mawati awiri kapena atatu, ndiye chopulumukacho sichikwana n'komwe wati imodzi. Pa kamita kanga ka pa soketi manambala anangokhala ngati akale. Muyang'anenso mu BIOS (pulogalamu yosinthira makonzedwe a kompyuta ikamangoyatsidwa), chifukwa ma motherboard (bolodi lalikulu la mkati mwa kompyuta) ena amaipatsabe 1.5V osakuuzani.

Chimene chandithandiza kwenikweni n'kutsitsa voteji ya purosesa, kachipangizo kamene kali ngati ubongo wa kompyuta. Ndinayambira pa -50mV (kutsitsa ndi 0.05V), n'kumatsitsa pang'onopang'ono uku ndikuipanikiza ndi Prime95, pulogalamu yoyesera ngati purosesa ipirire ntchito yolemetsa. Nditapyola muyezo kompyuta inangozima ndili mkati molemba, choncho ndinakweza pang'ono n'kuisiya pomwepo. Pano fani sikulira ngati kale, ndipo ndikaika dzanja pa bokosi la kompyutayo ndimangomva kufunda pang'ono basi.