Sikopu imodzi ya ulenje ndi chandamale: 3-9x40 kapena 6-24x50?

Turffontein308

Moni akuluakulu nonse kuno ku Joni. Laisensi ya mfuti yanga ya .308 Winchester yatuluka, kwangotsala sikopu, galasi lokuza zinthu loika pamwamba pa mfuti. M'nyengo yozizira ndikufuna kukasaka nswala pa famu ku Limpopo, mwina chaka chamawa blesbok (nyama ya mtundu wa agwape) ku Free State. Miyezi ina yonse ndizingowombera chandamale pa mamita 100 mpaka 300. Ndalama ndi ya sikopu imodzi basi. Kusitolo andionetsa 3-9x40 ndi 6-24x50, mitengo yake yosasiyana kwenikweni. Kodi yokuza kwambiriyo si ndiyo yabwino?

MlenjeWakale

Achimwene, pa manambala awiri oyambawo, amene amanena mphamvu yokuzira, yang'anitsitsani laling'onolo. Ndi limene limakupatsani nyama kapena kukumanani.

Tchire la ku Limpopo ndi lowirira, ndipo nswala nthawi zambiri mumaiwombera pa mamita 50 mpaka 120. Sikopu ya 3-9x40 ikakhala pa 3x imakuonetsani malo otakasuka pafupifupi mamita 10 kapena 11 pa mtunda wa mamita 100. Ya 6-24x50 ngakhale muitsitse mpaka pansi, pa 6x, mumaona mamita 5 kapena 6 okha. Nswala ikatulukira pa mamita 50, malowo atsika mpaka mamita osakwana 3. Mukweza mfuti n'kuona masamba okhaokha, pomwe mukuifunafuna iyo yalumpha kale. Komanso simuona ina imene yaima kumbuyo kwake, ndipo pa famu nyama imene mwaivulaza mumalipira ngati kuti mwaipha.

Kachiwiri ndi kuwala. Gawani nambala yomalizayo, imene ndi kukula kwa galasi lakutsogolo m'mamilimita, ndi mphamvu imene mwaikapo. 40 kugawa ndi 6 ndi 6.7mm, kugawa ndi 9 ndi 4.4mm. Koma 50 kugawa ndi 24 ndi 2mm yokha. Kumeneko ndiko kukula kwa kadontho ka kuwala kofika m'diso mwanu. M'bandakucha ndi chisisira, nthawi imene nyama zimayenda, kamwana ka diso kamatseguka mpaka 5mm kapena 7mm malinga ndi msinkhu wa munthu. Mukalipatsa 2mm chithunzi chimada, ndipo mutu ukangosuntha pang'ono chimazimiririka.

Sikopu sichepetsa kunjenjemera kwa manja, imangokuonetsani. Pa ndodo zotsamiritsa mfuti, mutapitirira 10x, kamtanda kolozera ka m'sikopu kamavina moti ambiri amakoka chowombera mwamphamvu kuti apezerere mpata, chipolopolo n'kupita m'mimba m'malo mwa pa phewa. Yendani sikopu ili pa 3x kapena 4x. Nyama ikakhala patali nthawi yokweza imapezeka, ikakhala pafupi nthawi yotsitsa sipezeka.

Chandamale_Alberton

Zonsezo n'zoona akulu, koma awa anena kuti miyezi yambiri akhala akuwombera pepala. Bowo la .308 ndi losakwana 8mm. Pa 9x kuliona pa mamita 100 n'kovutirapo, makamaka likagwera pakuda. Pa 14x kapena 16x limaoneka bwino.

Chinanso ndi parallax. Masikopu ambiri a 3-9x anawakhazikitsa kufakitale pa mayadi 100 kapena mamita 100, alibe chosinthira. Pa mamita 300, mukasuntha diso kamtanda kamaoneka ngati kakuyenda pa chandamale mfuti ili chiimire, ndiye zipolopolo zimamwazikana inu n'kumadzudzula mfuti. Kwa mlenje kusiyanako n'kochepa, koma kwa wofuna mabowo oyandikana kumawerengeka. Choncho ine ndingati funani 3-15x44 kapena 4-16x44 yokhala ndi chozungulira cha parallax kumanzere. Pansi pake mpokwanira m'tchire, pamwamba pake mpokwanira pepala ndi blesbok ya pa mamita 250.

24x ija musaisirire. Kuno tili pamtunda wa mamita oposa 1,700 ndipo dzuwa limaotcha nthaka msanga. Ikamakwana 10 koloko mpweya wotentha umayamba kuvinavina pamwamba pa nthaka, sikopu n'kukuza kuvinako pamodzi ndi chandamale. Mukakamizika kutsika mpaka 12x kapena 14x, pamene munalipira 24x. Ndipo taonani mitengo ija: ngati 6-24x50 ikufanana mtengo ndi 3-9x40, dziwani kuti apulumutsa ndalama pa magalasi ndi pa zamkati zosinthira.

Turffontein308

Zikomo akuluakulu. Nanga zolembedwa MOA ndi mil, komanso FFP ndi SFP, ndisankhe ziti?

Chandamale_Alberton

MOA ndi mil ndi miyeso ya zosinthira pogwera chipolopolo. Poti kuno timayeza m'mamita, mil ndi yosavuta: kulira kumodzi kwa chosinthira, 0.1 mil, ndi 1cm pa mamita 100, 3cm pa mamita 300. Ya ¼ MOA ndi pafupifupi 7mm pa mamita 100, masamu ake amachedwetsa. Chachikulu n'chakuti timizere ta pa kamtanda ndi zosinthira zikhale za muyeso umodzi.

Pa FFP kamtanda kamakula limodzi ndi chithunzi, ndiye timizere timanena zoona pa mphamvu iliyonse, koma pa 3x kamaonda mpaka kusowa m'chisisira ngati kalibe nyali. Pa SFP kamakhala chimodzimodzi, kooneka bwino m'tchire, koma timizere timalondola pa mphamvu imodzi yokha, kawirikawiri yapamwamba. Pa ntchito yanuyi SFP ikukwanirani.

MlenjeWakale

Ndavomera 3-15x44, bola galasi likhale labwino. Ikapanda kukwanira m'thumba, 3-9x40 yabwino iposa 4-16x yotchipa.

Pomanga, onani ngati thupi la sikopu ndi la 25.4mm kapena 30mm, mugule mphete zogwirizana nalo, zotsika koma galasi lakutsogolo lisakhudze mpope. Zomangira za mphete zambiri zimafuna 1.7 mpaka 2 Nm (muyeso wa mphamvu yomangira), koma tsatirani zimene wopanga walemba. Mukalimbitsa mopyola mumafinya thupi la sikopu, zosinthira n'kuyamba kukakamira. Mtunda wa diso, pafupifupi 9cm, muukonze sikopu ili pa mphamvu yapamwamba, chifukwa mpamene umafupika. Mukaukonza pa 3x mudzasendeza mutu patsogolo pa 15x, mfuti ikabwerera m'mbuyo sikopu idzakutemani pa nsidze.

Ndi chipolopolo cholemera 150 grain, ikani kuti chizigwera 5cm pamwamba pa mamita 100. Pa mamita 200 chifika pafupifupi pakati, pa 300 chitsika ndi pafupifupi 25cm mpaka 30cm. Mutsimikize manambalawa pa pepala ndi zipolopolo zomwezo zimene mukasakire.