Thandizeni aphunzitsi anzanga: Augustus, Caesar, Imperator, wamkulu ndi uti?

Madam a Fomu 2:
Mwaswera bwanji akuluakulu. Ine kuno ndathedwa nzeru. Ndinapatsa ana ntchito yoti asanje maudindo a mafumu a ku Roma kuyambira waukulu mpaka waung'ono, Augustus, Caesar, Imperator, Princeps ndi Pontifex Maximus, nde pano ndikuchonga ndapeza theka la kalasi laika Caesar pamwamba, ena Imperator poti ndi komwe kunachokera mawu oti emperor. Ine ndinaika Augustus. Mtsikana wina wandifunsa kuti nanga bwanji kutchalitchi timangomva za Kaisara, ndangoti tikambirana mawa. Mawalo ndili nawo piriyodi yoyamba, chonde ndithandizeni ndisawalakwire anawa.

Sala a BK:
Madam mwanayo ali ndi mfundotu. Pa Luka 2:1 maina onse awiri alipo, Kaisara Augusto, munthu mmodzi yemweyo. Nthawi imeneyo Caesar silinali udindo ayi, linali dzina la kubanja, Octavian, yemwe ndi Augusto yemweyo, analitenga poti Julius Caesar anamulemba mu wilo yake ngati mwana wake. Tiberius, amene analowa m'malo mwa Augusto, nayenso anatengera momwemo.

Madam a Fomu 2:
Ndiye kuti amene aika Caesar pamwamba ndiwachongere?

Aphunzitsi opuma:
Ayi mwanawe dikirani kaye. Vuto lili pa funso lenilenilo, mwafunsa ngati maudindowa anali makwerero oima malo amodzi zaka zonse pomwe ankasintha. Caesar linayamba ngati dzina la mtundu, kenako linasanduka la wolowa ufumu, Hadrian atasankha Lucius Aelius mu 136 AD anamutcha Caesar, iye mwini ali Augustus. Pofika 293 AD Diocletian anachita kuziika poyera, ma Augustus awiri, iyeyo ndi Maximian, pansi pawo ma Caesar awiri, Galerius ndi Constantius. Apo ndiye Augustus ali pamwamba popanda mtsutso. Mu 305 akuluwo atatula pansi udindo, ma Caesar aja anakwera kukhala ma Augustus.

Koma chomwe ndimafunitsitsa ana azimva ndi ichi, dzina loti Augustus palokha linalibe mphamvu ya lamulo ngakhale pang'ono. Senate, bwalo la akuluakulu a Roma, inampatsa Octavian mu 27 BC ngati ulemu, kunena kuti wolemekezeka, munthu woyandikana ndi zopatulika. Mphamvu zenizeni zinali ziwiri ndipo pa mndandanda wanu palibepo. Ina ndi imperium ya proconsul, kunena kuti ulamuliro wa bwanamkubwa wa chigawo, yolamulira zigawo zomwe kunali asilikali ambiri, mu 23 BC anaikweza kuti ipose ya bwanamkubwa wina aliyense. Inayo ndi tribunicia potestas, ya chaka chomwecho, yomulola kuitanitsa Senate, kubweretsa malamulo komanso kukana chilichonse chomwe akuluakulu ena agwirizana, ndipo thupi lake linali losakhudzidwa. Mafumu ankawerengera zaka za ulamuliro wawo pa mphamvu imeneyi, ndiye muone kulemera kwake.

Sala a History, sekondale ya kumudzi:
Zoona bwana. Ine ana anga ankazunguzika kuti munthu wamphamvu choncho osangodzitcha mfumu bwanji. Ndimawauza kuti Aroma mawu oti rex, kutanthauza mfumu, ankadana nawo zedi chichotsereni mfumu yawo yomaliza Tarquinius mu 509 BC, ndipo Julius Caesar atangokhala dictator wamuyaya mu 44 BC anamubaya chaka chomwecho pa 15 Malichi. Octavian anaziona zimenezo nde anasankha kumatchedwa Princeps, nzika yoyamba basi, dzina lofatsa koma asilikali onse ali m'manja mwake.

Madam a Fomu 2:
Eee apa ndayamba kuona. Nanga Imperator ndi Pontifex ndiziika pati?

Aphunzitsi opuma:
Imperator poyamba anali mawu omwe asilikali ankafuulira mkulu wawo akapambana nkhondo, munthu ankatha kulandira kangapo, nchifukwa chake pa ndalama mumaona IMP ndi nambala. Augustus analisandutsa dzina lake loyamba, Tiberius anakana kulitenga motero, linadzakhazikika kuyambira pa Vespasian. Pontifex Maximus ndi mkulu wa ansembe, Augustus anachita kudikira Lepidus, yemwe anali paudindowo, amwalire nkudzautenga mu 12 BC, zaka zonsezo akulamulira bwinobwino opanda udindowo. Komabe musaupeputse, mu 161 AD Marcus Aurelius ndi Lucius Verus onse anali ma Augustus koma Pontifex anali Marcus yekha, mpamene anthu ankaonera wamkulu.

Sala a BK:
Madam muli ndi pulinta kusukulu? Sakani pa intaneti chithunzi cha denarius ya Tiberius, imene ambiri amati ndi ndalama ya msonkho ija anamuonetsa Yesu. Kutsogolo kuli mutu wake ndi malemba oti TI CAESAR DIVI AVG F AVGVSTVS, kuseli kuli munthu wamkazi atakhala pampando ndi PONTIF MAXIM. Ine ndimaijambula pa bolodi ndi choko, bwalo lalikulu, ana nkumabwera mmodzimmodzi kuzunguliza dzina lomwe alizindikira. Amadabwa kuona Caesar ndi Augustus pa munthu mmodzi.

Sala a History, sekondale ya kumudzi:
Kuchongako ine ndingatere, amene waika Augustus pamwamba pa Caesar apeze malikisi onse, amene waika Caesar koma wapereka chifukwa cha nthawi ya Tiberius apezeko theka. Funsolo mulisinthe, muzitchula nthawi, kaya ya Augustus kaya ya Diocletian.

Madam a Fomu 2:
Zikomo kwambiri nonse, mwandimasula. Bolodi ndiligawa pawiri, mbali ina maina aulemu mbali ina mphamvu ziwiri zija ndi 23 BC pambali pake, ndalamayo ndiijambula pakati poti pulinta yathu ilibe inki. Makope ndiyambiranso kuchonga usiku uno, ndipo mtsikana uja ndi amene ndimuitane koyamba kudzazunguliza CAESAR.