Ndabwerako ku Croatia kuja, nayi nkhani yake

Zikomo nonse amene munandiyankha funso langa lija, loti ndiyambe ndi boti kapena kuona mizinda, komanso mwezi wabwino ndi uti. Ndinatsatira malangizo a achimwene aja anati ndipite mu September osati July kapena August, ndipo zoonadi anthu anali ochepako, madzi akadali ofunda bwinobwino.

Tinanyamukira mumzinda wa Split Loweruka, maboti ambiri ahayala kumeneko amayenda Loweruka mpaka Loweruka ndiye muziganizira zimenezi pogula tiketi ya ndege. Tinadutsa zilumba za Brač, Hvar ndi Vis, ine Vis ndi komwe kunandigwira mtima, kulibe phokoso. M'mawa nyanja imakhala bata, mphepo yomwe amaitcha maestral imayamba masana, ndiye ngati mumachita chizungulire ngati ine imwani mankhwala musanakwere osadikira mseru, khalani panja muziyang'ana kutali osati kubindikira m'kachipinda pansi. Amene munati ndisatenge sutikesi yolimba munandithandiza kwabasi, m'boti mulibe poyiika, chikwama chofewa chimapindika.

Mizinda ndinaiona pomaliza. Ku Split nyumba yachifumu ya Diocletian, mfumu ya Aroma, inamangidwa cha m'ma 300 AD koma anthu amakhalabe mkatimo, mashopu ali momwemo. Ku Dubrovnik ndinazungulira pamwamba pa mpanda wa mzinda wakale, pafupifupi makilomita 2, masitepe ambirimbiri mthunzi wosowa, pitani akangotsegula anthu a sitima zikuluzikulu asanadzaze.

China, kuyambira 2023 Croatia ili mu Schengen (gulu la maiko a ku Ulaya omwe munthu amayenda momasuka pa malire apakati pawo) ndipo ndalama ndi euro, ndalama zawo zakale zotchedwa kuna zinatha. Tengani kashi pang'ono, kuzilumba ena salandira khadi.