Mleme wandisokonezera kalasi, thandizeni

Madamu wa Sayansi: Anzanga ndatopa ine. Sabata yachiwiri ino ndili pa vertebrates ndi invertebrates (nyama za msana ndi zopanda msana), koma pa test ya Lachisanu oposa theka aika mleme pa birds. Ngumbi akuti si nyama, "nyama ndi mbuzi madamu, ngumbi ndi ndiwo." Tchati changa chinanyowa, denga likudontha. A PEA, alangizi oyendera sukulu za pulaimale, akubwera Lachitatu. Nditani?

Mkulu wa Sitandade 8: Alembereni magulu asanu aja a vertebrates pa bolodi: mammals, birds, fish, reptiles, amphibians. Aloweze basi. MANEB safunsa nthano.

Wa ku Dedza: Vuto ndi liwu loti nyama, madamu. Kwathu kuno mwana amadziwa nyama, mbalame, nsomba ndi tizilombo ngati zinthu zosiyana, ndiye inu mukubwera kuti zonsezo ndi animals. Ine ndimayamba ndi msana. Aliyense agwire wa mnzake, kenako ndiwaonetsa minga ya chambo, kenako bongololo. Za mleme musafunse ngati umauluka. Funsani: uli ndi nthenga kapena ubweya? Umaikira mazira kapena umayamwitsa?

Mkulu wa Sitandade 8: Ana 90 kugwirana misana, period yatha. Aloweze.

Mayi a ku Nyanja: Chonde musawatume kukagwira mileme. Umaluma, ndipo utha kupatsira chiwewe. Ine ndinangonena kuti mawa aliyense abwere ndi kanyama m'botolo, TALULAR imeneyo, kuphunzitsa ndi zinthu zopezeka pafupi. Wina anabwera ndi chinkhanira m'chigubu cha sobo chopanda chivindikiro. Tinamaliza phunziro pansi pa mtengo wa mango, a hedi akundiyang'ana.

Wa ku Dedza: Chinkhanira chimenecho chikanakuthandizani kuwerenga miyendo, 8 ngati kangaude, pomwe ngumbi ndi 6. Koma ndi bwino chikhale chakufa.

Mphunzitsi watsopano: Pepani akuluakulu, nanga ngaka? Ili ndi mamba, ine ndinaiika pa reptiles.

Mayi a ku Nyanja: Ayi achimwene, kafufuteni. Ngaka imabereka mwana ndipo imayamwitsa, ndi mammal. Ndipo musanene kuti mukufuna kuiona, kholo lina lidzabwera nayo m'thumba. Ndi yotetezedwa, anthu akumangidwa nayo. Samalaninso ndi chule ndi buluzi, amazisakaniza. Mbululu za m'chithaphwi zimathetsa mkangano, buluzi alibe zimenezo.

Mkulu wa Sitandade 8: Zaka zonsezi ndakhozetsa ana osaona mbululu. Aloweze magulu asanu.

Mphunzitsi watsopano: Kodi za malipiro a mwezi uno alipo waona kanthu?