Pulopela yanji pa kagalimoto ka injini ya .46?

Kapata_Boy:
Moni akuluakulu. Ndili ndi injini ya mafuta a nitro ya kampani ya O.S., saizi .46, inachoka pa kandege kachidole ka amalume kamene kanaphwanyika. Ndaimanga pamwamba pa kagalimoto ka pulayiwudi, mawilo anayi, kalibe giya olo tcheni, kamayenda ndi mphepo ya pulopela basi. Injini yayang'ana kumbuyo, pulopela ndi yomweyo ya ndege yolembedwa 11x6. Manje ndikaliza kagalimoto kakubwerera mmbuyo, ndatembenuza pulopela koma chimodzimodzi kungoti mphamvu yachepa, komanso nsonga yake ikutsala pang'ono kugunda thabwa. Ndigule saizi yanji?

Mdala wa ku Katete:
Mwana wanga kutembenuza sikusintha kanthu, injini imazungulira mbali imodzi ndipo kapindidwe ka pulopela nkomweko olo uiike chagada. Imeneyo ndi yokoka. Injini ikayang'ana kumbuyo pamafunika yokankha, a kampani ya APC amalemba P kumapeto, ngati 10x6P. Koma ine ndikanakhala iwe ndikanangomasula injini nkuiyang'anitsa kutsogolo, pulopela patsogolo pake ngati pa ndege. Zokoka sizisowa, ndiye mphepo yonse imaomba pa mutu wa injini. Pansi apa liwiro ndi lochepa, ndi dzuwa la Okutobala lino injini ya pulopela yokankha ipsa msanga.

Makanika_Mchini:
Amdala anena zoona, ine ndionjezepo za manambalawo. 11 ndi kutalika kwa pulopela mu mainchi, 6 ndi pitch, mtunda umene ikanayenda ikazungulira kamodzi. Werengani nokha, mainchi 6 injini ikamazungulira ka 12,000 pa mphindi (rpm) ndi pafupifupi 110 km pa ola, kodi kathabwa kanuko mukathamangitsa choncho pa bwalo liti mu Chipata muno? Pitch yayikulu ili ngati kunyamuka pa njinga ndi giya yolimba pokwera phiri, mumavutika poyamba. Pansi mukufuna yonyamula msanga ndiye tsitsani pitch, 11x4 kapena 11x5, ndipo kwezani injini pang'ono ndi kathabwa kena kuti pulopela isagunde. Mukakanika kukweza pezani ya masamba atatu 10x5 kapena 10x6, anthu amachotsa inchi imodzi akamachoka pa masamba awiri. Koma osaika kakang'ono ngati 8x4 ka injini zazing'ono za .15 poti kakukwana bwino, injini ilira mopyola muyeso, mudzatyola conrod (kachitsulo kolumikiza pisitoni ndi shafiti) ndipo sipeya wake kuno mulibe.

Kapata_Boy:
Zikomo. Nanga yamtengo bwanji? Pali mkulu wina wosema akuti atha kundipangira ya mukwa.

Mdala wa ku Katete:
Ayi ayi, imeneyo aseme ya pashelefu. Tsamba limodzi likalemera pang'ono chabe kagalimoto konse kanjenjemera mpaka masikuluwu kumasuka, likathothoka limapita ngati mpeni. Olo yamtengo ya kufakitale pansi siikhalitsa, kamwala kamodzi yang'aluka. Gula ya nailoni, Master Airscrew imapirira kugunda kuposa APC, uitanitse ziwiri zitatu nthawi imodzi poti kudikira katundu adutse ku Lusaka si masewera.

Makanika_Mchini:
Ndipo musaiwale fyuluta ya siponji pa kabu, injini za ndege sizibwera nayo, fumbi lathu lofiira lija lidya pisitoni. Matayala atalikirane chifukwa pulopela yayikulu imapendeketsa kagalimoto mbali imodzi mukaponda mafuta. Mangani kakhola ka waya kuzungulira pulopela, ana a mu komboni akamva kulira abwera onse, ndipo poliza gwiritsani kamtengo osati chala.