Penshoni yanga ndiike pa shopu kapena pa makina oyenga saladi?

Mwana wa ku Kapata:
Makolo ndi abale, ndigawireni nzeru. Ndapuma pa ntchito ku Kitwe, ndabwerera kwathu ku Chipata ndi kandalama ka penshoni. Tauni ndaipeza yasintha zedi. Kale malonda onse ankathera ku Down Shops kwa amwenye, ku Saturday Market ndi pamsika wa Kapata. Lero kuli Shoprite, Great East Mall, mabanki, malo ogona alendo opita ku Mfuwe, ndipo nyumba zakwera mpaka m'mapiri. Mu 2017 boma linalengeza kuti ndife mzinda, ndinakondwa nazo kwambiri.

Koma mtima ukundiwawa pa chinthu chimodzi. Mukayenda mumsewu waukulu, aliyense akugulitsa zochokera kwina: simenti, malata, salaula, mafoni. Ife tinakula tikuona njinga za Eagle zikutuluka mu fakitale ya Luangwa Industries konkuno, bambo anga aang'ono ankagwira kumeneko ndipo anatiphunzitsa ndi malipiro omwewo. Lero nshawa, soya ndi mpendadzuwa zikukwera malole kupita ku Lusaka, mtunda wopitirira makilomita 500, kenako saladi akubwera m'mabotolo ife n'kumagula modula. Ana anga akuti nditsegule shopu ya zomangira chifukwa anthu akumanga paliponse. Ine mtima uli pa makina oyenga mafuta a mpendadzuwa. Amene mukuchita malonda kuno, mukuti bwanji?

Mlimi wa ku Chipangali:
Amalume, gulani makinawo. Kuno mpendadzuwa timalima wambiri, koma ikafika Meyi mavenda amabwera ndi masikelo awo n'kutiuza mtengo umene afuna. Mukamagula mwachilungamo, alimi adzakubweretserani okha pa njinga ndi pa ngolo. Keke yotsala mukayenga musaione ngati zinyalala, oweta nkhumba ndi nkhuku amailimbirana.

Nyina Tisa, Kalongwezi:
Atate, ine ndili ndi shopu m'tauni, ndiye ndilankhule zimene ndaziona ndi maso. Makina ndi mbali yochepa ya ndalama. Chachikulu ndi ndalama yogulira mbewu yokwanira chaka chonse pa nthawi yokolola, ndi nyumba yosungiramo yosadontha. Ambiri agula makina, ayenga miyezi itatu, mbewu yatha, makina agona mpaka chaka chamawa lendi ikuwerengabe. Kumbukiraninso 2024, chilala chitaphwetsa madzi ku damu la magetsi la Kariba, tinkakhala tsiku lathunthu opanda magetsi. Ometa ndi owotcherera zitsulo analira. Ngati mulibe njira ina ya magetsi, yambani mwaganiza kaye.

Komabe pa shopu ya zomangira sindikulimbikitsani. Zadzaza kale, ndipo akuluakulu amene amaoda malole athunthu adzakugonjetsani pa mtengo wa thumba lililonse la simenti.

Dalaivala wa pa Mwami:
Bambo, musayang'ane ku Lusaka kokha. Lilongwe ili pafupi kwambiri kuposa Lusaka. Kuyambira Disembala 2022 pa malire a Mwami ndi Mchinji mapepala onse timamalizira pamalo amodzi. Njanji ya ku Mchinji inatsegulidwa mu 2010 ndipo imalumikizana ndi ya ku Nacala, ngakhale katundu wambiri akuyendabe pamsewu. Pitaninso mukaone a COMACO, kampani yogula mbewu kwa alimi, chiponde chawo cha It's Wild chimapangidwa ndi nshawa za alimi akuno ndipo chikugulitsidwa m'mashopu akuluakulu. Ndiye zopangidwa ku Chipata anthu amagula.

Mwana wa ku Kapata:
Zikomo nonse. Amayi a ku Kalongwezi, mawu anu andigwira, nkhani ya ndalama yogulira mbewu ndiikhalira pansi ndi akazi anga. Ndikuganiza zoyamba ndi makina ang'ono a dizilo, ndiziyengeranso alimi mbewu zawo iwo n'kumalipira, kuti makina asagone zanga zikatha. Malo ndikufuna cha kumsewu wa ku Lundazi, kumene ngolo zochokera ku Chipangali zimadutsa. Alipo amene akudziwa mmene lendi ilili kumeneko, ndi mapepala amene a khonsolo ndi a zaumoyo amafuna munthu asanayambe kugulitsa saladi?