Mbuzi zanga za gaga zija zachira

Akuluakulu, paja ndinafunsa chifukwa chomwe mbuzi zanga zinkatsekulira m'mimba ndi kuleka kubzikula nditayamba kuzinenepetsa ndi gaga kuno ku Chongwe, pokonzekera msika wa Chibolya mu Lusaka. Ambiri munati ndi njoka zam'mimba. Mankhwala ndinazimwetsa, koma sizinasinthe.

Mlangizi wa ziweto atabwera anati vuto lili m'chifu. M'menemo muli tizilombo tosaoneka ndi maso tomwe timagaya udzu. Gaga ukachuluka mwadzidzidzi, makamaka wathu wa kuchigayoyu wokhala ndi ufa wambiri, umasasa msanga, asidi amachuluka, tizilombo togaya udzu tija n'kufa. Kubzikula ndiko kumatulutsa malovu ochepetsa asidiyo, ndiye mbuzi yopanda udzu wotafuna imangoipiraipira.

Tsopano m'mawa zimayamba ndi udzu wouma ndi masangwe a mtedza, gaga pambuyo. Ndikuwonjezera pang'onopang'ono, poti chifu chimafuna milungu 2 kapena 3 kuti chizolowere. Masamba a mtengo wa lukina ndimaikamo chifukwa cha mapuloteni, osapitirira gawo limodzi mwa magawo atatu a chakudya chonse. Ndowe zabwerera kukhala timibulu, ndipo misana yayamba kudzaza.

Chandidabwitsa ndi imodzi yomwe tinapha pa chinkhoswe. Mafuta anaunjikana pa impso ndi m'matumbo, mnofu uli wochepa ndithu. Mbuzi imasunga mafuta m'kati, choncho gaga wambiri wopanda mapuloteni ukunenepetsa zomwe ogula nyama salipira. Ndani akudziwa kogula keke ya mpendadzuwa (zotsalira akafinya mafuta) yotchipa mbali ya Chongwe, kuti ndiwonjezere mapuloteniwo?